Sagardotegi ya ku Astigarraga: mayuro 42, kudya choimirira, koma ndidzapitanso

Ndinalonjeza kalekale kuti ndilemba za malo odyera aja ndinapitako mu February kwa a Basque, kumpoto kwa Spain, nde lero poti ndili pa ofu ndati ndilembe ndisanayambe kuiwala zina. Anandiitana ndi nesi mnzanga amene tinagwira limodzi ntchito zaka 3 ku Manchester kenako iye anabwerera kwawo ku Hernani, katauni kali pafupi ndi Donostia, mzinda omwe ambirife timaudziwa kuti San Sebastián chifukwa cha timu ya Real Sociedad. Zaka zonse zija amangondiuza kuti achemwali mukadzafuna kubwera kwathu musadzabwere nthawi yotentha ngati alendo ena onse, mudzabwere pakati pa January ndi April nthawi ya txotx, yolawa mowa watsopano wa maapozi, ine nkumadabwa kuti munthu amaitana bwanji mlendo nthawi ya mvula ndi kuzizira. Pano ndinamvetsa.

Kaye katchulidwe, chifukwa mawu awo akawoneka pa pepala amawopsa. Akalemba tx amatchula ngati ch wathu yemweyu, nde txotx ndi choch, txuleta ndi chuleta basi. Sagar ndi apozi, ardo ndi vinyo, sagardo ndi mowa wa maapozi, ndipo sagardotegi ndi nyumba yomwe amafululirako mowawo nkumadyetsanso anthu konko pakati pa migolo. Ku Astigarraga, Hernani, Urnieta ndi Usurbil ziliko zambirimbiri. Yomwe tinapita ife ili kumtunda kwa Astigarraga, dzina sinditchula poti pali zingapo zomwe ndidandaule mmusimu ndipo sindikufuna kuwonongera anthu bizinesi chifukwa cha usiku umodzi.

Kafikidwe sikovuta. Ine ndinakwera ndege mpaka Bilbao, kenako basi ya ola limodzi ndi mphindi zingapo kukafika ku Donostia. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi kumbukirani kuti viza ya UK sigwira ntchito kumeneko, mufunika ya Schengen, yambani kuisaka msanga. Kuchoka ku Donostia kupita ku Astigarraga ndi makilomita ochepa chabe motsata mtsinje wa Urumea, mabasi a Lurraldebus amapita, koma basi imakusiyani m'tauni ndipo kamtunda kotsalako tinayenda wapansi mu kamvula kowaza komwe iwo amati sirimiri, ndi chiperoni chenicheni cha ku Thyolo, sikamakunyowetsa nthawi imodzi koma ukafika wanyowa ndithu. Malo tinachita kusungitsa masabata 3 tsiku lisanafike poti Loweruka kumadzadza.

Kulowa mkati chinthu choyamba ndi fungo, maapozi owawasa kusakanikirana ndi utsi wa makala ndi nyama. Ndi nyumba yakale ya pafamu ya miyala, iwo amati baserri, mkati matebulo aataliatali a matabwa opanda nsalu, mipando palibe kupatula mabenchi angapo kumbali a achikulire. Palibe weta wokubweretsera menyu kuti usankhe, chakudya ndi chimodzimodzi kwa aliyense ndipo ndi chomwechonso pafupifupi mu sagardotegi ina iliyonse. Akupatsa tambula imodzi yagalasi lopyapyala yotambalala kukamwa, foloko, mpeni ndi buledi wautali uja woikidwa patebulo pomwepo. Mbale ya wekha palibe. Chakudya chimabwera m'mbale imodzi pakati ndipo nonse mumatolamo, ine apa ndinamasuka nthawi yomweyo chifukwa ndi mmene tinakulira, ndiwo mbale imodzi ana tonse mozungulira.

Tinalipo 6, mnzangayo, amuna ake, bambo a mnzangayo, ndi anzake awiri a gulu lomwe anakulira limodzi, iwo amati kuadrilla, anthu oti anadziwana ali ku sukulu ya mkaka ndipo mpaka lero wikendi iliyonse amakumana.

Poyamba anabweretsa tizidutswa ta soseji ya txorizo yophikidwa mu sagardo, kakang'ono kongotsegulira kukhosi. Kenako kunabwera mazira okazinga ndi nsomba yamchere ndi anyezi, mkati mofewa mwamadzimadzi. Nditalawa ndinafunsa kuti nsombayi ndi chani, bambo aja akuti bakailaoa. Ine ndinaima kutafuna. Ndinawauza kuti kwathu pamsika timagula bakayawo, nsomba youma yamchere, onse patebulo kudabwa, kenako tinagwirizana kuti ndi mawu omwewo, Apwitikizi amati bacalhau, a ku Spain bacalao, ndipo kwathu anafika kudzera ku Mozambique. Nsomba yake ndi yosiyana, yawoyi ndi ya m'nyanja yozizira ya kumpoto yoyera mnofu ikuluikulu, koma nzeru yake ndi imodzi, kuthira mchere wambiri kuti isawole paulendo, nkudzaiviika m'madzi tsiku limodzi kapena awiri musanaphike. Kuyambira pamenepo bambo aja anayamba kundiitana kuti alaba, kutanthauza mwana wamkazi, inenso nkumati aita, kutanthauza bambo, ngati mmene mwana wawo amawaitanira.

Tili mkati modya mazira aja ndinangomva munthu wakuwa kuti txotx! anthu onse kusiya mafoloko, kunyamula matambula nkumalowera kuchipinda china. Apa nde pagona nkhani yonse ya malo amenewa. Chipindacho chili ndi migolo ya matabwa mizere iwiri, iwo amati kupela, yaikulu kuposa munthu kutalika kwake, umodzi umalowa malita masauzande ambiri, ina ndi yazitsulo zonyezimira ya masiku ano. Mwini wake amatsegula kampopi kakang'ono kali pamwamba ndithu ndipo mowa umathamanga kamzere kowonda kukagwa patali mwina mita imodzi ndi theka. Kale pabowopo amatsekapo ndi kamtengo kosongoka, kamtengoko ndi komwe kamatchedwa txotx. Anthu mumandanda, woyamba amatchera tambula mmusi pafupi ndi pansi moipendeketsa kuti mowa umenye m'mbali mwa galasi uchite thovu, nkumakweza tambula kutsata mzere uja, akamachoka wachiwiri wayika kale yake kumbuyo kwake kuti dontho lisagwe pansi. Sudzadza tambula ayi. Umangotunga zala ziwiri kapena zitatu, nkumwa nthawi yomweyo thovu lisanathe, chotsala ukhuthula mu ngalande ili pansipo. Aita anandigwira dzanja ulendo woyamba kundionetsa kapendeketsedwe kake.

Kakomedwe kake ndinene chilungamo, amene munazolowera Savanna kapena Hunter's mudzadabwa. Mulibe shuga, mulibe gasi wothira, siwosefedwa mbee, ndi wachikasu wa mbuu, wowawasa ngati madzi a bwemba osathira kanthu ndi kakuwawa pang'ono kumapeto. Kumwa koyamba sindinaukonde. Pofika mgolo wachitatu lilime linazolowera ndipo ndinayamba kumva kuti mgolo uliwonse uli ndi kakomedwe kakekake, wina wowawasa kwambiri, wina wofewa wonunkhira apozi weniweni, wina woumitsa mkamwa ngati wadya nthochi yosapsa. Chifukwa chake nchoti amasakaniza mitundu ya maapozi yosiyanasiyana, mayina ngati Txalaka, Errezila, Goikoetxe, maapozi ang'onoang'ono osaoneka bwino oti pa shelefu ya mu shopu sungawagule, amatola kuyambira September mpaka November, kuwaphwanya, kuwafinya, madziwo nkuwasiya mumgolo miyezi ingapo awire okha popanda kuthira yisiti. Mphamvu yake ndi cha m'ma 6 peresenti, nde poti umamwa pang'onopang'ono koma maulendo ambiri, chenjerani, umakupeza mochedwa.

Aita anandifotokozera kuti poyamba zimenezi sizinali lesitilanti. Eni mabala ndi magulu ophika a ku Donostia amabwera mu January kudzalawa migolo kuti asankhe woti adzagule usanathiridwe m'mabotolo, nde poti sungalawe mowa m'mimba muli gwa amanyamula nyama yawo, nsomba ndi mazira nkuwotcha pompo. Ndi chifukwa chake mpaka lero menyu ndi yomweyo ndipo m'malo ena ngati awa anthu amadya choimirira, sunabwere kudzakhala pansi, wabwera kudzalawa. Nditamva zimenezi kuimirira kuja kunasiya kundivuta mumtima ngakhale miyendo imawawabe. Ndipo ndinaona chomwe kumachita. Mu lesitilanti wamba umakhala ndi anthu omwe wabwera nawo mpaka kutuluka, kuno mphindi 10 zilizonse wina akuwa txotx ndipo umapezeka pamzere ndi munthu wina wachilendo, pena agogo a chipewa chakuda chija amati txapela, pena anyamata a yunivesite, pena mayi wa ku Iparralde mbali ya ku France, aliyense akufunsa kuti mgolo uti wakukomera. Zinandikumbutsa masese a kumudzi kwa agogo ku Dedza, chipanda chimodzi kuzungulira bwalo lonse, mlendo wodutsa naye nkumupatsa alaweko.

Mbale yachitatu inali nsomba yomweyo koma chidutswa chachikulu chokazinga ndi tsabola wobiriwira wosawawa pamwamba. Iyi kwa ine ndi imene inaposa zonse usiku umenewo. Mnofu umangosendeka wokha mapalemapale, mchere wake wokwanira bwinobwino, mafuta a olivi otsalira m'mbale tinapukuta ndi buledi mpaka mbale kuyera. Pamenepa mpomwe aita anayamba nkhani ya asodzi, kuti makolo awo zaka za m'ma 1500 amawoloka nyanja ya Atlantic kukasaka anangumi ndi nsomba imeneyi ku Newfoundland ndi Labrador, ku Canada ya lero, ndipo mu sitima amanyamula migolo ya sagardo chifukwa madzi amawonongeka paulendo koma mowawu ayi. Sitima ina yotchedwa San Juan ya ku Pasaia, doko lili pafupi pomwepa, inamira ku Red Bay mu 1565, ndipo malowo pano ali pa mndandanda wa UNESCO. Amafotokoza ngati akukamba za amalume awo omwe anamwalira chaka chatha.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri nchilankhulo. Ndimayembekezera kumva Chisipanishi, koma matebulo ambiri amayankhula Euskara, chilankhulo cha a Basque, ndipo sichifanana ndi Chisipanishi kapena Chifalansa olo pang'ono, akatswiri mpaka lero sanachipezere m'bale pa zilankhulo zonse zamoyo, chinalipo kumeneko Aroma asanafike ndi Chilatini chawo. Munthu wa mtundu wawo amadzitchula kuti euskaldun, kutanthauza amene ali ndi Euskara, nde kwa iwo chomwe chimakupanga kukhala wakwawo ndi pakamwa. Aita anakula nthawi ya Franco, yemwe analamulira Spain kuyambira 1939 mpaka kumwalira mu 1975, ndipo akuti kusukulu ukayankhula Euskara umalangidwa, makolo ena anafika posiya kuyankhula ndi ana awo chilankhulocho powopa kuti anawo azivutika. Ine ndinawauza kuti ifenso ku pulayimale ndi ku sekondale amatilemba mayina tikagwidwa tikuyankhula Chichewa nkukatchetcha udzu, anagwedeza mutu osayankha kanthu kwa kanthawi. A Basque anayamba masukulu awoawo otchedwa ikastola, poyamba mobisa m'nyumba za anthu, ndipo mnzanga uja anaphunzira mu ikastola kuyambira mkaka mpaka kumaliza. Mu 1968 akatswiri awo anakumana ku Arantzazu kugwirizana kalembedwe kamodzi kotchedwa Euskara Batua, chaka chomwechonso chimene kwathu Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi, nde ndikamamva aita akudandaula ndimaganiziranso anzathu a ku Rumphi ndi Mzimba kuti mwina nkhaniyi angaimve kuposa ine. Mawu ochepa omwe ndinaphunzira anandithandiza kwambiri, kaixo ndi moni, eskerrik asko ndi zikomo kwambiri, on egin ndi mudye bwino, topa pogundanitsa matambula, agur potsanzika. Mayi wotumikira patebulo lathu anali wa nkhope yolimba wosaseka, koma nditati eskerrik asko anaima nkundiyang'ana nkumwetulira koyamba usiku onse.

Tsopano nyama. Txuleta ndi chinthuli chachikulu cha nthiti ya ng'ombe chokhala ndi fupa, cholemera pafupifupi kilo, chochokera ku ng'ombe zokalamba za mafuta achikasu, amawotcha pa makala amoto kwambiri nkuwaza mchere wa mibulu basi, palibe zokometsera zina. Kunja yapserera bwino, mkati yofiira. Osati pinki, yofiira. Ife a kanyenya wa pa chiwaya wouma bwinobwino izi nzovuta, ndipo apa mpomwe ndili ndi dandaulo lenileni. Ndinapempha mwaulemu kudzera mwa mnzanga kuti tizidutswa tanga tiwiri atibwezere pamoto pang'ono, wowotchayo anakana kaye, akuti nyama iwonongeka, mpaka amuna a mnzanga anachita kupita okha kukayankhula naye. Anawotcha koma mosafuna, ndipo inabwera mochedwa anzanga atamaliza. Ndikumvetsa kuti munthu amanyadira ntchito yake komanso ndi mwambo wawo, koma mlendo walipira ndalama yofanana ndi aliyense ndipo sanapemphe chinthu chachilendo. Ndinalawako kachidutswa kofiira ka m'mphepete, ndivomere kuti kukoma kwake nkozama, mafuta ake amanunkhira ngati batala, koma mbale yonse sindikanatha. Komanso dziwani kuti palibe nsima, mpunga kapena mbatata, chokhutitsa ndi buledi yekha, amene mimba yanu simva kuti yadya popanda chotentha cholimba mudyeretu kenakake masana.

Pomaliza amabweretsa tchizi cha Idiazabal cha mkaka wa nkhosa zawo zotchedwa latxa, cholimba chonunkhira utsi pang'ono, pamodzi ndi jamu wolimba wodula mabuloko wa chipatso chonga peyala, ndi dengu la mtedza wa m'mitengo wa zikhokho zolimba woti uswe wekha. Achinyamata amaswa ndi chibakera patebulo, ine anandipatsa chopanira. Tchizi ndi jamu uja ukaziluma limodzi, mchere ndi kutsekemera, nkutsirapo sagardo wowawasa, apa nde ndinamvetsa chifukwa chake mowawu suyenera kukhala wa shuga.

Cha m'ma 11 koloko tebulo lina linayamba kuimba, kenako nyumba yonse, azibambo akuluakulu manja pamapewa. Ndiye mnyamata wina anaimirira nkuyamba kuimba yekha popanda chida, anthu zii, akamaliza ndime onse kuseka ndi kuwomba m'manja, wina wa tebulo lina nkumuyankha ndi nyimbo yomweyo mawu ena. Mnzanga anandinong'oneza kuti awa ndi ma bertso, ndakatulo zopeka pompopompo zokhala ndi muyeso wake ndi mawu omveka mofanana kumapeto, ndipo ali ndi mpikisano waukulu wa dziko lonse la a Basque zaka 4 zilizonse womwe anthu masauzande amadzadza holo tsiku lonse kumvera, mu 2009 anapambana Maialen Lujanbio, mayi woyamba kutenga chipewa cha txapela chomwe amapatsa wopambana. Ndime ina akuti imanena za mlendo wochokera kutali amene wabweza nyama pamoto, anthu kundiyang'ana akuseka mwachikondi nkukweza matambula, ine ndinakweza yanga. Izi sizinali pa pulogalamu ndipo palibe anawalipira, amaimbira okha. Palibe chomwe anasintha kuti asangalatse mlendo, olo chikwangwani cha Chingerezi sindinachione, ndipo ndi chimene ndinakondera malowa ngakhale ndi chomwechonso chinandivutitsa pa nyama paja.

Za khungu, poti ena mumafunsa mukamva kuti munthu wapita kumudzi ku Ulaya, ndinali wakuda ndekha m'nyumba monse koma sindinamve kusalidwa. Agogo amodzi pamzere wa mgolo anangonditchulira Iñaki Williams, amene anabadwira ku Bilbao makolo ake a ku Ghana ndipo amasewera mu Athletic Club, timu yomwe imangolemba osewera obadwira kapena okulira mu mpira wa kwa a Basque, kenako anawonjezera kuti iwo ndi a Real ndipo za Athletic tisakambenso.

Madandaulo ena ndi awa. Kumazizira kwambiri, makamaka kuchipinda cha migolo chifukwa mowa umafuna kuzizira, pansi ndi simenti yonyowa yoterera, nde valani jekete ndi nsapato zotseka zosaterera, ine ndinavala juzi ndi sikafu koma zala zakuphazi zinachita dzanzi. Zimbudzi za amayi zinali ziwiri zokha pa anthu oposa 100, mzere wake wautali kuposa wa txotx, ndipo pofika kumapeto pepala linali litatha. Mmodzi mwa anzathu samwa, anamupatsa madzi ndi juwisi wa maapozi koma bilu anangomuchotsera pang'ono chabe, zomwe sindinaone chilungamo chake poti gawo lalikulu la mtengowo ndi mowa womwa mmene ungathere. Amene simudya nyama kapena nsomba muwauziretu posungitsa malo apo ayi mudya buledi ndi tchizi. Ndipo pobwerera tinadikira takisi pafupifupi mphindi 40 mu sirimiri muja poti aliyense amatuluka nthawi imodzi, malowo sanatithandize kuimba foni, konzeranitu za ulendo wobwerera ndipo musayendetse galimoto mutamwa, apolisi awo a Ertzaintza amaima m'misewu imeneyo nthawi ya sizoni.

Tinalipira mayuro 42 munthu mmodzi, zonse pamodzi chakudya ndi sagardo. Ukasintha m'makwacha mutu umazungulira, koma poyerekeza ndi mitengo ya m'malesitilanti a mkati mwa Donostia ndi zotsika, ndipo tinakhalamo kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku popanda wotithamangitsa. Pa 5 ndikupereka 4, imodziyo ndachotsa chifukwa cha wowotcha nyama uja ndi zimbudzi. Ana ang'onoang'ono usiku ndisakulimbikitseni, pitani nawo masana Lamlungu pomwe mabanja amabwera ndipo malo ambiri amakhala ndi pokhala. Ngati mukufuna kumvetsa kapangidwe kake musanadye, m'tauni ya Astigarraga muli nyumba yosungira mbiri ya mowawu yotchedwa Sagardoetxea yokhala ndi munda wa maapozi, ife tinafika atatseka nde yatsalira ulendo wina.

Potuluka ndinagula mabotolo awiri a chizindikiro cha Euskal Sagardoa, kutanthauza kuti maapozi ake onse ndi olimidwa komweko, poti zaka zina zokolola zikachepa ena amagula maapozi kunja. Limodzi ndinatsegula ku Manchester ndi anzanga a ku Zomba, ndinathira kuchokera mmwamba ngati mmene anandiphunzitsira, awiri anati ndi vinega, mmodzi anapempha kuwonjezera. Linalo ndasunga. Aita atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo kuti chaka chamawa ndifike pa 20 January ndione Tamborrada, tsiku lomwe mzinda wonse wa Donostia umaimba ng'oma maola 24, kenako tikalawe migolo yatsopano, ndipo akuti ndiwabweretsere bakayawo wa kwathu amuone ndi maso.